Chiuno cha a Sizasi

Magetsi atathima mwadzidzidzi m'mawa wa Lachitatu, seva, kompyuta yosunga zolemba za pashopu yosoka zovala, inafa, tebulo la miyezo ya makasitomala la m'kompyutamo n'kusokonekera, madiresi a ukwati wa Loweruka asanadulidwe n'komwe. Mwini shopuyo, mayi amene aliyense ankawatchula kuti a Sizasi, anaitanitsa mlamu wawo wokonza makompyuta, bambo wosadziwa kuzungulira polankhula.

"Zatheka, mlamu," anatero bamboyo masana, akupukuta magalasi. "Mizere yonse yabwerera. Mkwatibwi, operekeza, onse alimo."

A Sizasi anawerama, nayendetsa chala pasikirini. Chalacho chinaima.

"Iyayi, sichinachire ichi."

"Pati?"

"Apa pa dzina langa. Inenso ndikusoketsa diresi la ukwatiwu. Chiuno mainchesi 44? Ine?"

"Mzere umenewo ndiye sunakhudzidwe."

"Aaa! Wasakanikirana ndi wa munthu wina. Mwina abusa aja a suti yakuda."

"Abusa ndi 40."

"Ndiye ndi muyezo wa makatani!"

"Makatani alibe chiuno, mlamu."

Antchito onse anaimitsa makina osokera, natchera khutu.

"Bwezeretsani zakale," analamula a Sizasi.

Bamboyo anadina mabatani. "Kope losungira la sabata yatha likuti 44."

"Pitani m'mbuyo."

"La chaka chatha, 42."

"M'mbuyo, ndati!"

"La zaka zisanu zapitazo, 36."

"Eyaa! Choona ndi chimenecho. Ikani limenelo."

"Ndikaika limenelo mkwatibwi asowamo. Nthawi imeneyo anali asanafunsiridwe."

"Ndiye tengani chiuno chokhacho!"

"Pasikirini ndikhoza kuchibweza, mlamu. Kwinako sindinaphunzire."

A Sizasi anagwira m'chiuno mwaukali, kenaka anachotsamo manja msangamsanga.

"Mukundinyoza eti? Ndikawauza achimwene anu!"

"Kompyuta ikuonetsa kuti analowetsa nambalayi ndi achimwene omwewo."

"Amenewo maso anawathera kalekale! Dikirani."

Anasolola tepi yoyezera imene inali m'khosi mwawo, naizunguliza m'chiuno, nakoka mpweya mpaka maso kutuluka.

"Werengani nokha," anatero ndi mawu otsamwa, "muchite manyazi ndi chimakina chanucho."

Bamboyo anavala magalasi, nasuzumira ali patali mwaulemu. Anayang'ana tepi, nayang'ana sikirini, nayang'ananso tepi. Kenaka anaweramitsa mutu.

"Pepani, mlamu. Mumanena zoona. Tebuloli ndi lolakwika ndithu."

"Mwaonatu! Mwamva nonsenu? Konzani pompano!"

"Chabwino," anatero bamboyo, akukokera mpando pafupi ndi kompyuta. "Ndikulemba 46."