Rauta Pamzere wa Makombi

Pamzere wodikira makombi, maminibasi opita kutauni, ku Mpopoma, mayi wina anafukata rauta ya intaneti ngati nkhuku yokagulitsa. Bambo wina kumbuyo kwake anamumva akung'ung'udza m'Chichewa.

"Yatani rautayo, mama?"

"Mwana wanga Sithembile waikamo pulogalamu ina, ati yaulere. Timagetsi tikuyaka, intaneti palibe. Chonsecho mawa tikambirana za ukwati wake pavidiyo ndi akuchimuna ali ku Dedza."

"Yangoiwala dzina ndi pasiwedi ya kampani. Okulumikizirani intaneti sanakusiyireni kapepala?"

"Kachikasu kaja? Ndinakapinda, kali kunsi kwa mwendo wa tebulo. Limagwedera."

"Kachotseni, Sithembile akalembemo zimenezo. Okonza akutauniwo akangokudyerani ndalama."

"Ikakana ndikusakani Mpopoma yonse, baba. Ndabwerera kunyumba ine; imani pamalo pangapa, malipiro anu ndi amenewo."

"Malo amodzi okha, mama?"

"Nanga mwakhetsapo thukuta?"