Udzu pa Mulu wa Mchenga wa Mgodi

Pamzere wodikira tekisi ya ku Sandton, mayi wina ankapukuta nsapato zake uku akudandaula m'Chichewa. Bambo waimvi amene anali kumbuyo kwake anamuyankhula.

"Fumbi loyera chonchi ndi la kumigodi, mayi."

"Ndimakhala kuseri kwa mulu wa mchengawo, abambo. Mphepo ya Ogasiti ikawomba, mwana wanga Comfort amatsokomola mpaka kusanza."

"Eish. Boma mwaliuza?"

"Tinachita kutopa. Koma chaka chatha kunabwera kagulu kolangiza boma, madokotala ndi akatswiri a nthaka. Anakhala nafe m'holo tsiku lonse."

"Alangizi! Agalu opanda mano amenewo. Amauwa, nduna n'kumangodutsa."

"Inenso ndinkatero. Koma awa si achipani, safuna voti ya munthu. Zimene anapeza anakazinena poyera, pa wailesi."

"Ndiye chasintha n'chiyani?"

"Boma linalonjeza kudzala udzu pamuluwo kuti mchenga usamauluke, ndipo layamba kale. Mbali yathu sanafike, koma alangiziwo akubweranso kudzaona ngati boma likusunga lonjezo."

"Akubweranso? Bambo anga anachoka ku Dedza kudzakumba mchenga umenewo. Chifuwa chinawatenga, palibe anabwera kudzafunsa."

"Mubwere Loweruka kuholo ya tchalitchi, mudzawauze zimenezo."

"Angamvere Mmalawi wokalamba ngati ine?"

"Safunsa mapepala okhalira m'dziko muno, abambo. Ine ndinayankhula Chizulu changa chothyokathyokachi, ndipo anamvetsera mpaka ndinamaliza."

"Basi, mundisungire mpando wakutsogolo, mwana wanga. Makutu ayamba kugontha, koma mawu ndikadali nawo."