Mapazi a Malume Gwatidzo pa Konkire

Inali ntchito yoyamba ya Mazvita chimalizireni sukulu ya zomangamanga: njira ya galimoto kunyumba kwa malume ake, a Gwatidzo, ku Chitungwiza. Konkire anali atathiridwa kale, dzuwa likuswa mtengo, ndipo chotsala chinali kudindapo maonekedwe asanaume, apo ayi msewu wonse udzadziwa kuti mtsikana uja anangopita kusukulu kukakula.

"Malume, sankhani," anatero Mazvita, akuyala zidindo zamphira pa kapinga. "Ichi chimatulutsa ngati njerwa."

"Njerwa? Ngati za kwa Chikomo?" A Gwatidzo analoza geti la aneba ndi mlomo. "Munthu wogoneka khoma pansi n'kumaliyendetsapo galimoto. Chotsa."

"Ichi ngati miyala."

"Ndinathawa miyala kumudzi ku Mutoko. Ndiigulenso m'tauni?"

"Ndiye tingodutsitsa tsache. Pamakhala timizere, matayala saterereka."

"Zaka ziwiri kusukulu, iwe, kukaphunzira kusesa? Mayi ako akanakuphunzitsa ulere."

Mazvita anayang'ana pansi. Pamaso pa akulu mawu ankamuthawa, koma za m'buku ankazisunga bwino.

"Mukufuna zotani, malume?"

"Zimene palibe wina ali nazo mumsewu muno."

Mtsikana anawerenga nyumba ndi zala. "Njerwa zilipo. Miyala ilipo. Tsache lilipo. Chimene kulibe ndi dothi lokhalokha."

"Ukundiseka?"

"Ayi, ndikuwerenga. Koma kwatsala mphindi makumi awiri kuti aume."

"Wakuuza ndani?"

"Buku."

"Buku linathirapo konkire? Ine ndinamanga chimbudzi cha agogo ako usanabadwe. Simenti imadikira mwini wake."

"Chija chinagwa chija?"

"Inali mvula imeneyo." A Gwatidzo anakwinya buluku mpaka m'mawondo. "Taona ndikuonetse."

Anaponda pa konkire ndi nsapato yawo ya kutchalitchi. Phazi linalowa, *fwa*.

"Waona? Phala lenileni. Nthawi ilipo yambiri."

"Apo ndinathira pomaliza, malume. Ku geti ndiko ndinayambira."

"Ndiye ukuti ku geti kwauma?"

"Kukuuma."

"Tiona."

Anaponda kachiwiri, kachitatu, manja kumbuyo ngati woyendera asilikali. Mazvita anagwira mwamphamvu chipande chake chosalazira konkire. Phazi lililonse ankalimva ngati likuponda pa satifiketi yake.

"Malume, ndikanati..."

"Pabwalo panga sindiuzidwa poponda. Ukhale chete mpaka ndikufunse."

Mazvita anakhala chete.

A Gwatidzo anaima pakati pa njira n'kuyamba kufotokoza za Chikomo: utoto wake wofiira ngati pophera mbuzi, geti lake lolira ngati mwana wa mphaka, mkazi wake wopukuta njira ya galimoto ndi polishi chikhalirecho galimotoyo ili pa njerwa chaka chachitatu. Nkhani inatalika. Kenako anapitiriza ulendo. Mapazi anayamba kulowa pang'ono, kenako pang'onong'ono. Pofika pa geti nsapato inangolira, *gwa*, osasiya kanthu.

Anatembenuka. Kuchokera pakhomo mpaka pafupi ndi geti panali mzere wa mapazi, ozama koyambirira, ozimirira kumapeto, ngati munthu amene anatuluka m'nyumba n'kutengedwa kumwamba.

"Salaza," anatero.

Mazvita anagogoda konkire ndi chipande. Konkireyo anayankha ngati mwala.

"Wauma, malume."

"Bwanji sunanene?"

"Simunandifunse."

"Ndiye udzingoonerera munthu wamkulu akuwononga?"

"Munati ndikhale chete."

A Gwatidzo anayang'ana nsapato zawo, zotuwa mpaka m'zingwe. Anayang'ananso kwa Chikomo, kumene katani ya pawindo inali itagwedezeka.

"Mumsewu muno alipo wina ali ndi zoterezi?"

Mazvita anawerenganso ndi zala. "Palibe."

"Basi. N'zimene ndinaitanitsa." Anatsitsa buluku lawo mwaulemu. "Upake utoto, mapaziwo aoneke bwino. Wina akafunsa, uziti ndi zatsopano za ku Joni, ndipo amazitha ndiwe wekha."

Mtima wa Mazvita unatsika pang'ono. Koma funso linamutsalira, ndipo kusukulu anamuphunzitsa kusasiya funso.

"Nanga a Chikomo akazifuna, ndidzadinda ndi chiyani?"

A Gwatidzo anapukuta nsapato pa kapinga.

"Udzabwere udzandipemphe bwinobwino. Chidindo chake ndine."