Mbuzi ya a Che Amidu itafera m'dimba langa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandipulumutsira pomwe mudzi wonse unkanditcha wakupha ziweto za anthu.

Ndine mayi wamasiye, ndimakhala kumtunda kwa Malindi, ndipo ana anga ndimawalera ndi dimba la tomato ndi mpiru. Chilimwe chathachi mbuzi za aneba anga, a Che Amidu, zinandisautsa koopsa. Eni ake amakhalira kunyanja ndi maukonde, ndiye mbuzizo zinkangoyenda mwachisawawa. Ndikatchinga ndi minga, zinkaboola. Ndinakadandaula kwawo kangapo mpaka aliyense anadziwa kuti sitikumwerana madzi.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza mbuzi yawo yabere itafa pakati pa tomato wanga, mimba itatupa. Dzuwa lisanafike pamutu, nkhani inali itafala kuti ndathira poizoni m'masamba. Mayi amene amandipikula mpiru anabweza dengu lonse. A Che Amidu anabwera atakwiya kwambiri, nkunena kuti tikaonana kupolisi. Ndinaganiza za ana anga, kuti ndikatsekeredwa atsala ndi ndani, komanso adzagulenso ndani ndiwo za m'dimba la poizoni.

Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada, koma pemphero lenileni linandikanika. Ndinkangobwereza kuti, "Ambuye, Inu munaona, ndiyankhulireni."

Anzathu achisilamu sadya nyama yofa yokha, choncho masana a Che Amidu anayamba kukumba dzenje loti aikwirire. Ndipo ikanakwiriridwa, choonadi chikanapita nayo limodzi. Apo mpamene anatulukira a Abiti Yusufu, alongo awo aakulu a Che Amidu, mayi amene sitinachezepo kupatula kupatsana moni kumjigo.

"Achimwene, musanamutengere munthu kupolisi, ing'ambeni tione," anatero. "Kunamizira wamasiye ndi tchimo kwa Allah."

A Che Amidu anakana poyamba, koma mayiwo anakhala pansi pambali pa dzenjelo osasuntha. Ataing'amba, m'chifu munatuluka chimpukutu cha majumbo opotana ndi chidutswa cha ukonde wakale, cholimba ngati mpira. Mbuziyo inkatola zimenezi kudzala, chakudya nkusowa podutsa. Ine ndinakhala pansi nkuyamba kulira.

Patapita masiku a Che Amidu anabwera ndi nsungwi, anakonza mpanda wanga ndi manja awo, kenako anamanga khola kwawo. Pano manyowa a mbuzi zomwezo amanditumizira pa wilibala, ndipo amene anabweza dengu aja akupikulanso.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankhulira kudzera pakamwa pa munthu wa chipembedzo china. Inu amene mukunamiziridwa lero, musaleke kugwada ngakhale mawu atakutherani. Mboni yanu ilipo, mwina mumangodutsana nayo kumjigo.