Mwana wanga ndinamutcha Tsoka

"Tchulani dzina, bambo," anatero apongozi anga ku Nachisaka, atandilozera khanda. Mkazi wanga anali atamwalira pobereka mwanayo. Ine ndinali nditaledzera. Ndinati, "Tsoka." Sindinamunyamule.

Atandisudzula monga mwa mwambo, ndinabwerera kwathu ku Ntchisi. Inali nthawi ya Chitaganya. Anzanga ankakangana za ndale, ine ndili pa kachasu. Zaka zinayi osapondako ku Nachisaka. Mumtima ndinkati mwanayo ndiye anapha mayi ake.

Tsiku lina mvula inandithamangitsira m'tchalitchi chofolera udzu. Ndinapeza mlaliki wochokera ku Mvera akuphunzitsa za Rakele, mkazi wa Yakobo. Nayenso anafa pobereka. Asanatsirizike anatcha mwana wake Benoni. M'Chihebri ndiye kuti mwana wa chisoni changa. Koma Yakobo anakana. Anamutcha Benjamini, mwana wa dzanja lamanja.

Mlaliki anati, "Yakobo analira mkazi wake. Koma sanalole kuti mwana asenze maliro moyo wake wonse."

Ndinatuluka mvula isanakate. Ndinakalira m'munda wa fodya wa eni ake.

Mowa sindinausiye tsiku limodzi. Ndinalowa kalasi ya ubatizo, ndinagwa kawiri, Ambuye anandipirira. Lero ndili ndi mtendere, abale. Mulungu alemekezeke. Ngati alipo pano amene anasenzetsa mwana mkwiyo wake, abwere kwa Yesu. Nthawi ikadalipo.

Nditabatizidwa ndinapita ku Nachisaka. Mwana ndinamupeza akuswa mtedza pakhonde. Anzake ankakuwa, "Tsoka iwe!" Iye n'kumavomera akuseka. Zinandibaya.

Malume ake, mwini mbumba, sanandipatse mpando.

"Alamu, mwadzatani? Mwanayu ndi wathu."

"Sindinabwerere mwana. Ndabwerera dzina."

"Dzinalo munapereka nokha. Kapena munali mutaiwala, ndi mowa uja?"

"Ndinalakwa. Ndikupempha akhale Benjamini."

Ndinawafotokozera za Yakobo. Anandiuza kuti aganiza kaye.

Ndinkapitako mwezi ndi mwezi. Ndinkalima nawo, kudya nawo, mwana akadali Tsoka. Sindinaumirize.

Tsiku lina titakolola chimanga ndinatsanzika. Ndili pafupi ndi nkhokwe ndinamva alamu akuitana, "Benjamini! Bwera udzatsanzike bambo ako."

Mwana anathamanga n'kundigwira dzanja. Alamu anandiyang'ana, akudikira kuti ndinene kanthu. Ndinavala chipewa changa n'kutsika chitunda.