Bambo Kingstone Mukhiwa, Amene Anaphunzitsa Makina Kuwerenga Nkhope

Malemu bambo Kingstone Mukhiwa anabadwa pa 9 Juni 1956 ku Milonde, m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Makolo athu anachokera ku Milanje, tsidya la Mozambiki, kudzathyola tiyi. Ine ndikuwerengane ndine Vincent, mng'ono wawo. Mbiriyi tinailumikiza dzulo masana, banja lonse titakhala pakhonde, aliyense akuponyapo chomwe akukumbukira.

Sukulu anayamba mu 1964 ndipo analekezera Sitandade 5. Aphunzitsi ankadandaula kuti mwanayu mafunso sakutha. Khalidwe limeneli sanalisiye mpaka imvi.

Mu 1978 anasamukira kuno ku Likhubula n'kuyamba kunyamula katundu wa alendo okwera phiri. Chingerezi sankachidziwa panthawiyo, choncho anaphunzira kumva alendo ndi maso. Ankati mlendo akatopa pakamwa pamanama, koma chikope sichinama. Kangapo konse anabweza alendo panjira ya ku Chambe, eni ake akuumirira kuti ali bwino, ndipo pofika kumunsi ankawathokoza.

Pa 16 Ogasiti 1980 anamanga banja ndi mayi Esteri, alamu anga akhala apawa, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu. Ntchito ya m'phiri anaisiya mu 2016 mawondo atayamba kuvuta.

Mu 2022 mwana wawo wamkazi, Sharon, amene anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, anabwera ndi ntchito yachilendo. Ankaphunzitsa kompyuta kuzindikira ngati munthu wakondwa, wakwiya kapena akumva ululu, pongotsatira mmene minofu ya nkhope ikugwedezekera. Cholinga chake chinali kuthandiza odwala amene sangathe kuyankhula. Amamata timabatani tazingwe pamphumi, patsaya ndi m'mbali mwa diso, ndipo timeneti timamva mnofu ukasuntha ngakhale pang'ono pomwe. Makinawo amaphunzira ngati mwana: umawaonetsa zitsanzo zambirimbiri, uku ukuwauza kuti ichi ndi chakuti.

Woyamba kumatidwa anali malemuwa. Iwo akusekera mumtima, makina analemba kuti akwiya. Anafunsa kuti, "Iwe Sharon, chinthu chakochi chinakulira kuti?" Atamva kuti chinaphunzira pa nkhope za anthu akunja, anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Basi ndi mlendo ameneyu. Mlendo sitimukalipira, timamuonetsa njira."

Anamema anzawo onyamula katundu pamodzi ndi amayi a mvano kuti adzamatidwe. Ambiri a inu munalipo, ndipo mundikhululukire. Munabwera mutasamba, mutadzola, n'kukhala chowuma ngati mukujambulitsa chitupa. Nkhope makumi atatu, zonse zofanana. Makina sanatolepo kanthu. Mawa lake malemu anabwera ndi bwemba, mandimu ndi tsabola wa kambuzi, n'kumalawitsa aliyense. Malemu anakumbutsa mnzawo wakalekale, bambo Pilato, za tsiku lija a Pilatowo anataya chikwama cha mlendo pothawa nyani. Kenako anawauza kuti, "Seka momasuka, Pilato, makinawa sawerenga mano amene atsala." Tsiku limenelo kompyuta inaona nkhope zenizeni za kuno.

Kwa zaka ziwiri ankakhala ndi Sharon nthawi iliyonse akabwera, kumuwongolera. Ankamuuza kuti uku si kukondwa, ndi manyazi a mkamwini pamaso pa apongozi. Uku ndi kumwetulira kwa munthu amene katundu wamulemera koma safuna kuti mlendo adziwe. Nawonso ankafunsa zawo. Kodi chinthu chopanda nkhope chingadziwe bwanji nkhope? Nanga chikalakwitsa, chimachita manyazi? Anthu oposa mazana atatu anamatidwa pakhonde lija.

Pa 3 Marichi chaka chino, 2025, anagwa ali kudimba. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, ndipo mawu anatsekeka. Patatha masabata atatu madokotala anatiuza mosabisa kuti tikhoza kuwapititsa ku chipatala chachikulu ku Blantyre, ngakhale chiyembekezo chinali chochepa, kapena kuwasamalira kunyumba. Apa banja linagawikana. Ine ndinkafuna ku Blantyre. Alamu ankafuna kunyumba. Tonse tinkaopa chinthu chimodzi: kuwachitira achimwene zomwe iwo sakufuna, pomwe sangathe kutikaniza.

Sharon anapempha chilolezo kwa madokotala n'kumata timabatani tija kumanzere, mbali imene inali ikugwirabe ntchito. Anayamba watichenjeza kuti makina amamva mnofu osati mtima, ndipo pa maulendo asanu amaphonya kamodzi. Kenako anawafunsa bambo ake pang'onopang'ono, katatu, akusinthasintha kayambidwe ka funsolo. Akatchula Blantyre, mnofu wa pansidze unkakokeka. Akatchula Likhubula, kamnofu ka m'mbali mwa diso kankasuntha, komwe kaja malemu anaphunzitsa makina kuti ndiko kukondwa kosanamizira. Ine ndi maso angawa sindinaone kalikonse. Alamu anangoti, "Ine ndinaona kale dzana, alamu. Koma inu mumadikira kuti kompyuta inene kaye." Ndinavomera.

Tinabwera nawo kunyumba pa 26 Marichi. Anakhala nafe masiku khumi ndi asanu ndi anayi, m'mawa uliwonse titawakhazika pakhonde poyang'anana ndi phiri. Anzawo akamadutsa ndi katundu pamutu ankaima kuwapatsa moni. Anatisiya Lolemba pa 14 Epulo, dzuwa litangopendeka, ali ndi zaka 68. Kaya ku Blantyre akanakhala masiku ochulukirapo, sitikudziwa, ndipo funso limeneli lizindibwererabe. Chomwe tikudziwa n'chakuti tinawafunsa, ndipo anayankha.

Malemu asiya mayi Esteri, ana atatu, Hudson, Sharon ndi Mwayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, komanso ife abale awo awiri.

M'malo mwa banja ndikuthokoza mafumu, abusa ndi mpingo wonse, madokotala ndi anamwino, adzukulu okumba manda, amayi amene akhala kukhitchini kuyambira Lolemba, ndi onyamula katundu amene apempha kuti bokosi alisenze okha. Tikuthokozanso aliyense amene analawa bwemba uja.

Pomaliza, ena mwafunsa za makina aja. Kwafika uthenga kuchokera ku Nkando kuti kuli mayi wina amene wagona mwezi wathunthu osayankhula, ndipo ana ake sakudziwa ngati akumva kupweteka. Alamu alola kuti Sharon asadikire kutha kwa masiku a maliro. Mawa m'mawa akwera minibasi yoyamba, chikwama cha makina aja chili pamiyendo. Mlendo uja njira tsopano akuidziwako.

Achimwene, katundu mwatula. Mzimu wanu uuse mumtendere.