Botolo la Malemu Eneya Mbewe

Malemu bambo Eneya Kefasi Mbewe anabadwa pa 9 Juni 1951 kuno kwa Mavwere. Ine ndikuwerengane ndine Timoteyo, mng'ono wawo.

Sukulu anaphunzira pa Kamwendo mpaka sitandade 7. Mu 1976 anakwatira mayi Luwiza Nangozo nawatenga chitengwa. Analima fodya mpaka 1995, pamene anapita ku Joni. Mu 1997 anapeza ntchito mumzinda wa Kepi, konko ku Joni, pa sitima ya anthu ofufuza zam'nyanja yamchere. Ntchito yawo inali kusankhula zotuluka mu ukonde.

Apa ndichedwapo, anamalira, chifukwa adzukulu atula makasu pansi, manda ali theka. Dzulo posambitsa thupi anapeza botolo kunsi kwa bedi, muli chinthu chofiirira, cha nyama. Mawu afala kale akuti ndi chizimba, akuti alamu anga ndiwo adya amuna awo. Kwacha lero ena akuti achoke pamudzi pano. Apite kuti, abale, patatha zaka makumi atatu?

Chinthucho ndi kachilombo ka m'nyanja. Malemu anabwera nako mu 2003, koviikidwa m'mankhwala kuti kasawole. Ankatiuza kuti kamakhala pansi penipeni pa nyanja, pomwe dzuwa silifika, madzi ake ozizira kuposa mame a mu Juni. Kamamatirira pamwala kapena pa chigoba cha nkhono. Maonekedwe ngati duwa, koma ndi kanyama: kalibe maso, kalibe mafupa, pakamwa pali pakati, mozungulira muli timanja ngati ndevu za chimanga, togwirira tizakudya tomwe madzi abweretsa. Ankakakonda chifukwa kamapirira mumdima kali kokhakokha, monga anachitira iwo kuchilendo.

Ankafuna kukapereka kusukulu kuti ana aone. Ine ndemwe ndi alamu tinawaletsa, poopa pakamwa pa anthu, ndipo anakabisa. Lero kubisako ndiye kwatiutsira mlandu.

Mu Epulo 2006 miyendo inayamba kutupa. Kuchipatala cha pa Boma anati ndi mtima. Anatisiya pa 14 Ogasiti, atagwira dzanja la akazi awo.

Asiya mayi Luwiza, ana atatu, Greyson, Imelda ndi Lonjezo, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza ampingo, amayi ophika, ndi a Jonasi amene anatithandiza ndi ngolo. Adzukulu tikukuthokozaninso pa theka mwakumbalo.

Botolo lija ndi ili. Ndatsegula, ndipo taonani, ndakagwira ndi dzanja langali. Ngati kamapha, kayambe ine, alamu muwasiye. Dzuwa lapendeka, akulu anga akali pabwalo. Chonde, tolani makasu.

Achimwene, mzimu wanu uuse mumtendere, ngati abale awa alola.